Kodi J Anapita Kuti? Zimene Ndaphunzira pa Malonda Olunjika Ana

Anzanga amene mwaima pabolodi pano, ndikudziwa kuti belu lilira posachedwa, koma musathawe. Nkhaniyi yadya mapepala angapo, ndiye amene simumaliza lero mudzapitirize mawa pa buleki. Chonde osang'amba ngodya ya pepala kuti mulembepo nambala ya foni ngati mmene munachitira ndi nkhani ya mwezi watha ija.

Ndiyambe ndi kuulula mlandu wanga. A mu Fomu 2 ambiri akuudziwa kale, ndipo ena amanditchulabe kuti "a J" mpaka lero.

Chaka chatha mu Okutobala, tsiku la msika, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera lole ya kampani ina yopanga zakumwa zoziziritsa kukhosi. Zimkuzamawu zake zinkamveka mpaka kudambo. Pamwamba pa loleyo anamangirirapo njinga yatsopano yakuda, ili waliwali, mapulasitiki ake asanachotse n'komwe. Mkulu amene anagwira maikolofoni ankaitana ana kuti akwere akavine, ndipo wovina bwino ankamupatsa botolo laulere ndi chipewa. Kenako analengeza za mpikisano. Anati pansi pa chitsekerero cha botolo lililonse pali chilembo chimodzi, ndipo amene asonkhanitse zilembo zopanga mawu oti NJINGA, njingayo ndi yake.

Inu amene mumakhala pafupi ndi sukulu simungamvetse. Ine kuchokera kwathu kudzafika pano ndi makilomita 9. Ndimadzuka kunja kudakali mdima, ndimafika m'kalasi miyendo ili mbuu, ndipo m'dzinja mtsinje ukadzadza phunziro loyamba limandipita. Ndiye nditaiona njinga ija, mutu wanga unasiya kugwira ntchito. Ndinkadziona ndikutsika chitunda cha kwathu chija, malaya a yunifolomu akuuluka, anzanga ndikuwasiya m'fumbi.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ganyu wotunga madzi kwa anthu ena oumba njerwa, Loweruka lililonse. Tinagwirizana ndi amayi kuti ndalamayo ndizisunga mpaka ikwane nsapato, popeza zimene ndinkavala zinali zitayasama kutsogolo. M'masabata 6 ndinagula mabotolo 31. Ndinkalemba kumapeto kwa kope la Agriculture, ndiye nambalayi si yongopeka ayi. Kupatula apo ndinkatola zitsekerero pakhonde la golosale, n'kumasinthanitsa zilembo ndi anzanga. N ndinali nawo ambirimbiri. I, G ndi A, osanena. Koma J? Palibe. Mudzi wonse, sukulu yonse, palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuona J ndi maso.

Tsiku lina amayi anandituma kuchigayo. Chenji ndinagulira botolo, n'kukanama kuti mtengo wogayitsa wakwera. Zinaululika patangopita masiku awiri, chifukwa kumjigo anakumana ndi mayi ena amene anagayitsa tsiku lomwelo. Sanandimenye. Anangondiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Mwana wanga, wayamba kuba chifukwa cha njinga ya m'botolo?" Kunena zoona, bola akanangondikwapula. Pansi pa chitsekerero cha botolo limenelo panali N.

Amene anandimasula anali aphunzitsi athu a masamu. Atamva anyamata akundiseka, analemba pabolodi funso. Anati, "Tiyerekeze kuti njinga zimene kampani yagula kuti igawe dziko lonse zilipo 50. Kodi a J isindikiza angati?" Tinakhala chete, kenako mtsikana wina kumbuyo anayankha kuti 50. Iwo anati, "Wakhoza. Nanga zilembo zinazo?" Zinazo angasindikize mamiliyoni, chifukwa popanda J n'zopanda ntchito. Ntchito yake ndi imodzi yokha: kukupangitsa kumva ngati watsala pang'ono. Uli ndi zilembo 5 mwa 6, ndiye ukuganiza kuti mtunda wautha, pamene zoona zake sunayambe n'komwe ulendo.

Sindikunena kuti kampaniyo inanama. Mwina kwinakwake kutali kuli mnyamata amene akupalasa njinga yake lero. Koma funso limene linandikhala mumtima ndi ili: anthu amene anakhala mu ofesi n'kukonza mpikisano umenewu, ankadziwa kuti ambiri amene adzathamangire ndi ana ngati ine? Ngati ankadziwa, ali ndi mlandu kapena mlandu ndi wanga ndekha? Funso limeneli ndinapita nalo kwa amadamu athu a Social Studies. Anandibwereka zowerenga, zina tinaonera limodzi pafoni yawo, ndipo zimene ndinapeza ndi zimene ndikufuna ndikugawireni.

Kutsatsa malonda pakokha si tchimo

Mayi wogulitsa mandasi pageti paja akamakuwa kuti "otentha, otentha!" akutsatsa malonda. Wa kaunjika akamaimba mitengo, chimodzimodzi. Popanda kutsatsa, sitikanadziwa kuti kwabwera mbewu yocha msanga kapena sopo wotsika mtengo. Munthu wamkulu akamva wamalonda akutama katundu wake, amadziwa kuti uyu akufuna ndalama yanga, ndiye amachotserako zina. Vuto limayamba pamene womverayo ndi mwana.

Mu 2004 bungwe la akatswiri a kaganizidwe ka munthu ku America, la American Psychological Association, linatulutsa lipoti lonena kuti ana osakwana zaka pafupifupi 8 satha kuzindikira kuti cholinga cha uthenga wamalonda n'kuwakopa. Kwa iwo, zimene wailesi yanena n'zoona basi, ngati mmene amakhulupirira aphunzitsi kapena agogo. Ganizirani mng'ono wanu wa Sitandade 1. Mukamuuza kuti akadya bisiketi yakuti adzathamanga kuposa galu, akana? Ndiye ngati mbali imodzi kuli mwana wotere, mbali ina kuli anthu ophunzira, a madigiri, amene ntchito yawo tsiku lonse n'kufufuza mtundu, nyimbo ndi chithunzi chimene chingamukope, amenewo si malonda a anthu ofanana mphamvu. Zili ngati timu ya Fomu 4 ikusewera ndi ana a kumkaka, n'kumadzitama kuti yachinya zigoli.

Nanga amafuniranji ana, pomwe ana alibe ndalama? Choyamba, tindalama tathu ta ganyu ndi ta buleki, tikaphatikizidwa dziko lonse, si tochepa. Chachiwiri, mwana amadziwa kulira. Mayi amene wabereka mwana pamsika, mwanayo n'kuyamba kuloza paketi yowala ija akugudubuzika pansi, nthawi zambiri amagula kuti asachite manyazi pagulu. Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, akuti m'mera mpoyamba. Chakumwa chimene wazolowera uli ndi zaka 7 ukhoza kumachigulabe uli ndi zaka 50. Mwana ndi kasitomala wa mawa.

Kafukufuku amene anandidabwitsa kwambiri anachitika ku yunivesite ya Stanford, ku America, ndipo anatuluka mu 2007. Anatenga ana 63 a zaka zapakati pa 3 ndi 5. Mwana aliyense ankamupatsa zakudya ziwiri zofanana ndendende, zochokera malo amodzi. Kusiyana kwake kunali kokulunga basi: china m'pepala la McDonald's, malo odyera otchuka kwambiri kumeneko, china m'pepala losalembedwa kanthu. Akawafunsa kuti chokoma n'chiti, ambiri ankaloza cha m'pepala la McDonald's. Anayesa ndi tchipisi, anayesa ndi mkaka, anayesa ngakhale ndi karoti. Karoti, anzanga! Yemweyo wa kudimba. Ana ambiri anati wa m'pepala lolembedwa ndiye wokoma.

Nditawerenga zimenezi ndinaseka, kenako ndinasiya kuseka. Ndinakumbukira mmene timachitira pa buleki. Wina akatulutsa botolo la thobwa kapena mbatata yootcha amadyera kuseri kwa buloku, pamene wa kapaketi kowala amadyera pagulu, n'kumakapukusa kuti kamveke. Thobwa limakhutitsa mpaka kuweruka. Kapaketiko mkati mwake theka ndi mpweya. Ndiye ndani anatiphunzitsa kuti thobwa n'lochititsa manyazi? Agogo ayi. Amayi ayi.

Ngamila yosuta fodya

Nkhani imene imatchulidwa kwambiri anthu akamakamba za malonda olunjika ana ndi ya Joe Camel. Kuyambira mu 1988, kampani ya ndudu ya ku America ya R.J. Reynolds inkatsatsa ndudu zake za Camel pogwiritsa ntchito katuni ya ngamila. Ngamilayo inkavala magalasi akuda ndi jekete lachikopa, pena ili panjinga yamoto, pena ikusewera pulu, ndudu ili pakamwa. Inkaoneka ngati mnyamata wotchena amene aliyense amafuna kucheza naye. Inali pazikwangwani, m'magazini, pamalaya ndi pazipewa.

Mu 1991 magazini ya madokotala ya Journal of the American Medical Association inatulutsa kafukufuku amene anachitika pa ana 229 a zaka 3 mpaka 6. Ankawapatsa zizindikiro za makampani kuti aziphatikize ndi katundu wake. Mwa ana a zaka 6, ana 91 pa 100 alionse anatha kuphatikiza ngamila ija ndi ndudu. Ankaidziwa mofanana ndi mmene ankadziwira chizindikiro cha Mickey Mouse, katuni ya ana yeniyeni. Ngakhale mwa ana a zaka 3, pafupifupi 30 pa 100 alionse anaizindikira.

Kampaniyo inkakana. Inkati ngamilayo ndi ya akuluakulu amene amasuta kale, cholinga n'choti asiye ndudu za makampani ena. Koma madokotala, makolo ndi boma sanaleke kuipanikiza, ndipo mu 1997 ngamilayo inachotsedwa. Mu 1998 makampani akuluakulu a ndudu anasainirana mgwirizano ndi zigawo 46 za dziko la America, ndipo mwa zina anavomera kusagwiritsanso ntchito makatuni potsatsa fodya.

Chimene ndikufuna muone apa ndi mawu aja oti "sitinalinge ana". Amene munatcherapo diwa mukudziwa. Ukaika mtedza pansi pa mwala, sungadzanene kuti unkafuna kugwira ng'ombe. Nyambo imaulula nyama imene ukufuna. Katuni ndi nyambo ya ndani?

Kwathu kuno tinali ndi zofananako, kungoti ife tinali aang'ono. Amalume amandiuza za masacheti, mowa waukali umene unkagulitsidwa m'timapepala tapulasitiki ting'onoting'ono pamtengo wa maswiti. Kapepala kotere kankalowa m'thumba la kabudula wa sukulu kapena m'sokosi, mphunzitsi osadziwa. Amati ana ena ankafika m'kalasi m'mawa ataledzera kale. Opanga ake akanatha kunena kuti mowa saloledwa kwa ana osakwana zaka 18. Komatu kukula kwa paketi ndi mtengo wake ndi uthenganso, ngakhale popanda chikwangwani. Ku Zambia, kumene ankautchula kuti tujilijili, boma linauletsa mu 2012. Kuno boma linaletsa mu 2015, ndipo opanga ake anathamangira kukhoti, nkhaniyo n'kukokeka isanathe.

Nanga mjigo uja?

Tsopano ndifike pamene pandivuta kwambiri, ndipo ndikuvomereza kuti pano ine ndi mnzanga wa padesiki sitinagwirizanebe.

Makampani ambiri amachita zinthu zothandiza anthu a m'madera: kukumba mijigo, kumanga mabuloku a makalasi, kugawa makope, kulipirira ana osowa, kuthandiza mipikisano ya mpira. Zimenezi amazitcha udindo wa kampani kwa anthu. Ganizo lake n'lakuti kampani sikhala m'mlengalenga. Imagwiritsa ntchito misewu, madzi, nthaka ndi anthu a dziko, ndiye iyenera kubwezako. Si onse amavomereza. Mu 1970 katswiri wa zachuma wa ku America, Milton Friedman, analemba m'magazini ya New York Times kuti udindo wa bizinesi n'kuchulukitsa phindu basi, bola ikutsata malamulo ndipo sikuchita chinyengo. Kwa iye, zachifundo ndi za munthu payekha ndi ndalama ya m'thumba mwake. Ine sindigwirizana naye, komabe ndimamulemekeza pa chinthu chimodzi: sanabise. Amene amandiopsa ndi amene amaganiza ngati Friedman koma n'kumayankhula ngati abusa.

M'mudzi mwathu muli mjigo umene unakumbidwa ndi kampani ina. Pambali pake pali chikwangwani cha simenti chokhala ndi dzina la kampaniyo, ndipo zilembo zake n'zazikulu moti ana amaphunzirirapo kuwerenga. Usanabwere mjigowo tinkamwa madzi a pachitsime cha kudambo, ndipo chaka chilichonse m'dzinja kunkakhala kutsegula m'mimba. Ine ndimamwa madzi a pamjigo umenewu tsiku ndi tsiku. Nditawafunsa agogo ngati chikwangwanicho chimawavuta, anandiyankha kuti, "Iwe, madzi ali ndi dzina? Tunga uzipita." Mnzanga wa padesiki naye amati, "Aise, munthu wosauka sasankha. Akakupatsa landira, zinazo n'za anthu okhuta."

Ndimawamva. Sindikunena kuti tikagumule mjigo. Koma taonani nkhani ya fodya, imene ambiri a ife tikuidziwa ndi manja athu, chifukwa tinasokapo fodya m'chigafa. Mu 2009 bungwe la Plan International linatulutsa lipoti la ana ogwira ntchito m'minda ya fodya kuno ku Malawi. Linati mwana wogwira masamba aawisi, makamaka onyowa, akhoza kulowetsa m'thupi kudzera pakhungu nikotini wofika mamiligalamu 54 pa tsiku, wofanana ndi kusuta ndudu 50. Mutu kupweteka, chizungulire, nseru: ena mukuzikumbukira. Mu Novembala 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wochokera ku Malawi azigwidwa padoko chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi kukakamiza anthu ntchito. Pa nthawi yomweyo, makampani a fodya amaika ndalama m'bungwe lotchedwa ECLT, limene linakhazikitsidwa mu 2000 kuti lithetse mchitidwe wogwiritsa ntchito ana m'minda ya fodya, ndipo lagwirapo ntchito kuno.

Ndiye tiweruze bwanji? Sukulu imene yamangidwa ndi yeniyeni, mwana amene wachoka kumunda n'kubwerera m'kalasi ndi weniweni. Koma n'chifukwa chiyani bambo amatenga ana ake kupita nawo kumunda? Amalume anga si munthu wankhanza. Amachita zimenezo chifukwa ndalama imene amapeza akagulitsa mabelo, akachotsa ngongole ya feteleza, siikwana kulemba aganyu. Ndiye ine ndimaganiza kuti thandizo lenileni likanayambira pamtengo wa fodyayo, lisanafike pa chikwangwani. Buloku imodzi ya makalasi imajambulika bwino panyuzipepala. Mtengo wabwino kwa alimi masauzande sujambulika, komanso ndi wodula kwambiri kwa kampani. Mwina n'chifukwa chake timaona kwambiri choyambacho.

Si ine ndekha amene ndimakayika. Pali pangano la mayiko lolimbana ndi kusuta fodya la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, limene dziko lathu linalowamo mu 2023. Malangizo a panganoli amanena kuti thandizo limene makampani a fodya amapereka m'dzina la chifundo lizionedwa ngati njira ina yotsatsira malonda. Komanso mu 2012 mabungwe a UNICEF, Save the Children ndi UN Global Compact anatulutsa mfundo 10 za mmene makampani ayenera kulemekezera ufulu wa ana. Mfundo ya nambala 6 ikukamba za kutsatsa malonda kolemekeza ana. Chimene ndinaona powerenga mfundozo n'chakuti zambiri sizikunena za kugawa mphatso ayi. Zikunena za ntchito ya tsiku ndi tsiku ya kampani: kusalemba ana ntchito, kupereka ntchito yabwino kwa makolo awo, kupanga katundu wosavulaza, kusawononga malo amene ana amakhala. Mwachidule, funso loyamba si loti wagawa zingati, koma loti ndalamayo waipeza bwanji. Wakuba nkhuku akakupatsa chiwindi, sitinena kuti ndi wachifundo.

Tibwerere kwa ine ndi lole ija. Tiyerekeze kuti kampani imeneyo yabwera pasukulu pano ndi madesiki 20, olembedwa dzina lake. Tonse tidzaimba ndi kuomba m'manja, ndipo inenso ndidzaomba, popeza kukhala anthu atatu padesiki ya anthu awiri ndatopa nako. Koma pamene ndikuomba ndidzakhala ndikudziwa kuti mu desiki imodzi muli ndalama ya nsapato zanga.

Zimene ena achita

Mayiko ena anaona kuti kudikira chifundo cha makampani n'kutaya nthawi, ndiye anaika malamulo. Chigawo cha Quebec ku Canada chinaletsa kutsatsa malonda kwa ana osakwana zaka 13 kuyambira mu 1980. Dziko la Sweden limaletsa malonda a pa wailesi ya kanema olunjika ana osakwana zaka 12.

Koma limene linandisangalatsa ndi dziko la Chile, ku South America. Kumeneko ana ambiri anali onenepa mopitirira muyeso chifukwa cha zakudya ndi zakumwa za shuga wambiri. Phungu wina amenenso ndi dokotala, Guido Girardi, analimbana kwa zaka zambiri kuti pakhale lamulo, makampani akukana. Lamulolo linayamba kugwira ntchito mu Juni 2016. Chakudya chilichonse cha m'paketi chimene chili ndi shuga, mchere kapena mafuta opitirira muyeso chimaikidwa chidindo chakuda cha ngodya 8 kutsogolo kwenikweni, cholembedwa kuti ALTO EN, kutanthauza kuti "muli zambiri". Chakudya chokhala ndi chidindo chimenechi sichigulitsidwa pasukulu, sichitsatsidwa kwa ana osakwana zaka 14, ndipo sichiloledwa kukhala ndi katuni kapena kachidole kokopera ana. Kambuku wotchuka wa kampani ya Kellogg's, Tony the Tiger, anachotsedwa pamakatoni. Mazira a chokoleti a Kinder, okhala ndi kachidole mkati, analetsedwa. Kafukufuku amene anatuluka mu 2020 anapeza kuti kugula zakumwa za shuga wambiri kunatsika ndi pafupifupi 24 pa 100 alionse.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti chidindo chakuda sichifuna kuti udziwe kuwerenga tizilembo tating'ono ta kuseri kwa paketi. Mwana wa zaka 5 amachiona n'kuchizindikira. Makampani anagwiritsa ntchito maso a mwana pomugulitsa zinthu, boma nalo linagwiritsa ntchito maso omwewo pomuchenjeza.

Wina anena kuti, "Ife vuto lathu ndi njala, osati kunenepa, ndiye za ku Chile zikutikhudza bwanji?" Zikutikhudza pathumba. Mwana wa ku Santiago akagula chakumwa cha shuga amawonjezera pa chakudya chimene wadya kale. Ine ndikagula, ndachotsa pa nsapato, pa kope, pa mtedza umene ukanandikhutitsa. Wosauka akanyengedwa amaluza kawiri.

Kuno kwathu kuli lamulo loteteza ogula la 2003, kuli bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission limene limalandira madandaulo a malonda achinyengo, komanso kuli bungwe la ogula la CAMA. Ine chaka chatha sindinkadziwa kuti zinthu zimenezi ziliko, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri amene mukuwerenga mwazimva lero.

Chiyambire nkhani ya J, ndikaona mpikisano, mphatso kapena chikwangwani ndimadzifunsa timafunso tingapo. Walipira ndani kuti ndione zimenezi, ndipo akufuna ndichite chiyani ndikaziona? Mphoto zilipo zingati, ndipo olowa mpikisano tilipo angati? Ngati nambala imeneyi sanainene, ndimadziwa kuti ndi yochititsa manyazi. Akachotsa nyimbo, katuni ndi pepala lowala, chotsala ndingachigule? Ndipo mwana wa bwana wa kampaniyo amadya zimenezi tsiku lililonse? Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati sangapatse wake, wa amayi anga akumupatsiranji?

Mafunsowa akugwiranso ntchito pafoni. Ena mwayamba kale kubwereka nambala za achimwene anu n'kumabetcha mpira, ngakhale zimenezo n'zoletsedwa kwa osakwana zaka 18. Mumati "ndinangophonya gemu imodzi yokha". Anzanga, gemu imodziyo ndi J yemwe uja, wangovala jezi.

Ndapempha apatironi a kalabu ya mtsutso kuti Lachisanu likubwerali tikambirane mutu woti: kampani ikafuna kuthandiza sukulu yathu, iziloledwa kulemba dzina la katundu wake pamakoma, pamadesiki ndi pamakope athu? Avomera. Mnzanga wa padesiki uja akhala mbali yovomereza, ine yotsutsa, ndipo wandiuza kale kuti andifunsa ngati ndili wokonzeka kukhala pansi pasimenti chifukwa cha mfundo zanga. Yankho ndikuliganizirabe. Bwerani mu Fomu 2 tikaweruka, ndipo a Fomu 1 musaope, mudzapatsidwa mpata woyankhula.

Nsapato ndinagula mu Febuluwale, za pakaunjika, nditayambiranso kusunga. Zitsekerero zija sindinataye. Zogula ndi zotola pamodzi zinakwana 143. Mng'ono wanga atayamba Sitandade 1, aphunzitsi ake anati aliyense abwere ndi zowerengetsera, ndiye amayi anamusokera kathumba n'kumuthiriramo. Panopa amafika pa 40 asanasokoneze. Dzulo anazitembenuza zonse pamphasa n'kuyamba kuzisanja potengera zilembo, kenako anandifunsa kuti n'chifukwa chiyani a N achuluka chonchi.